Zitheba zoyanga kuseri kwa nyumba: ndiwo zimene sitingakulembereni m'buku la kuchipatala

Lero tisiye kaye za mapiritsi ndi jakisoni. Ndikufuna tikambirane za zitheba, makamaka zija zoyanga, za makoko aatali athyathyathya, ndi mmene mungazidzalire pakhomo panu kuno ku Matope ndi madera ena otentha ngati kuno.

Ife anamwino pali mawu amene timanena tsiku lililonse mpaka pakamwa panazolowera: muzidya masamba ambiri, muchepetse mchere, muchepetse nsima. Timauza amayi oyembekezera ku sikelo, timauza agogo a BP, timauza abambo a shuga. Inu mumayankha mwaulemu kuti "chabwino anesi," n'kutuluka. Koma tonse tikudziwa kuti kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kuno kumunsi kwa Neno masambawo amasowa. Nkhwani wauma, bonongwe ndi chisoso zinatha kalekale, mfutso watsala wa pansi pa thumba. Mpiru ndi kabichi mukazipeza pa Zalewa, mtengo wake umakuuzani wokha kuti zayenda ulendo. Ndiye munthu wa shuga amabwerera kunyumba n'kukadya nsima yaikulu ndi tibonya tamchere, chifukwa ndizo zilipo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kuno ku Neno, chiyambire bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo kugwira ntchito limodzi ndi boma mu 2007, anthu ambiri a matenda amgonagona akulandira mankhwala pafupi ndi kwawo. Koma pa windo la mankhwala sitipereka ndiwo. A WHO amati munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo magalamu amenewo ayenera kuchokera kwinakwake.

Bwanji zitheba, ndipo bwanji zoyanga? Choyamba ndi malo. Nyemba zoyanga zimakulira m'mwamba, ndiye kamalo kotalika mapazi ochepa pakati pa khitchini ndi mpanda kakhoza kukupatsani ndiwo zoti m'munda mukanafuna mizere ingapo. Ku Rwanda, dziko la anthu ambiri ndi minda ing'onoing'ono, alimi anatengera nyemba zoyanga kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pa chifukwa chomwechi, poti pa malo omwewo zimabereka kawiri kapena katatu kuposa zosayanga. Ndipo si zachilendo kwathu kuno. Agogo anga kumtunda cha ku Tsangano ankadzala nyemba m'chimanga, n'kuzisiya zikwere mapesi zokha. Chachiwiri, zitheba zosayanga zimabereka nthawi imodzi, masabata awiri kapena atatu n'kutha, pamene zoyanga zimachita maluwa uku zikukwera, ndiye mumathyola mwezi wathunthu kapena kupitirira. Pakhomo ndizo timafuna: ndiwo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, osati dengu lodzaza kamodzi.

Za makoko athyathyathya ndimazikonda pa chifukwa cha mumphika. Tizitheba tozungulira tating'ono tija n'tabwino pa mbale ya ku hotela. Zathyathyathya, zimene amazitcha Romano, zili ndi mnofu, sizilimba msanga ngakhale khoko litakula, ndipo sizisungunuka mukaziphika ndi tomato kapena kutendera. Manja awiri odzaza amakwana ndiwo za banja. Onjezerani kuti masamba ake ndi khwanya, mwapeza ndiwo ziwiri pa mbewu imodzi. Kungoti musakhadzule khwanya mopanda chisoni, tengani tsamba limodzi apa lina apo, chifukwa masambawo ndi amene akudyetsa makoko.

Ndinene bwino chimene zitheba zingachite ndi chimene sizingachite, chifukwa pa Facebook pano chakudya chilichonse chimasanduka mankhwala ochiza zonse. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa ku sikelo, zitheba zili m'gulu la masamba, osati la nyemba. Mu magalamu 100 a zitheba muli pafupifupi magalamu 2 okha a zomanga thupi, pamene mu nyemba zouma zolemera chimodzimodzi muli oposa 20. Ndiye mayi amene mwaphikira mwana zitheba musaganize kuti gulu la nyemba mwathana nalo. Mtedza, nandolo, khobwe, dzira kapena kansomba zikufunikabe.

Ubwino wa zitheba uli pena. Zimakhutitsa koma sizikweza shuga ngati nsima, mpunga kapena chinangwa. Munthu wa shuga timamuuza kuti theka la mbale likhale masamba, ndipo kudzaza theka la mbale ndi mpiru wofota m'mafuta n'kovuta, koma ndi zitheba n'kosavuta. Zili ndi timitsitsi tothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, zomwe amayi oyembekezera ndi agogo ovutika ndi kudzimbidwa amazifuna. Zili ndi vitamini C, folate ndi potaziyamu, ndipo mchere wake wachibadwa ndi wochepa kwambiri. Koma sizichiza BP, sizichiza shuga, ndipo sizilowa m'malo mwa mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira ku sikelo. Amene munauzidwa kuti impso zanu sizikugwira bwino ntchito, funsani kaye kuchipatala za kuchuluka kwa masamba amene mungadye, chifukwa kwa inu potaziyamu wambiri ndi vuto.

Tsopano kudzala. Chinthu chachikulu kuno ku Matope si mbewu kapena feteleza, ndi kalendala. Nyemba ndi mbewu ya kumalo ozizirira. Masana kukamatentha kupitirira madigiri 30, ndipo usiku osatsika pa madigiri 20, maluwa amayoyoka asanagwire makoko. Mudzaona mbewu yobiriwira bwino, yokwera mpaka pamwamba, maluwa mbwee pansi, chitheba ngakhale chimodzi ayi. Anzathu a ku Dambe ndi Nsambe kumtunda kuja nyengo imawakomera miyezi yambiri. Ife a m'mbali mwa Shire tili ndi nthawi yochepa: kudzala kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Julaye. Zitheba zoyanga zimayamba maluwa patatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo zoyamba kuthyola zimapezeka pa masiku 60 mpaka 70. Werengani nokha: mukadzala mu Ogasiti, maluwa adzakumana ndi dzuwa la Okutobala, ndipo thukuta lanu lidzapita pachabe. Ine ndimadzala kawiri, bedi loyamba kumapeto kwa Epulo, lachiwiri pakati pa Juni, kuti lina likamatopa lina likhale likuyamba, ndipo ndimathyola mpaka mu Seputembala.

Pogula mbewu samalani. Mapaketi ambiri a zitheba m'mashopu a zaulimi ndi a zosayanga, ndiye funsani kapena fufuzani mawu akuti climbing kapena pole pa paketipo. Pali mtundu wina wa makoko athyathyathya wotchedwa runner, wa maluwa ofiira, umene ku England amaulima kwambiri. Umenewo umafuna kuzizira koposa, kuno musautayire ndalama. Nthawi zambiri mbewu yabwino ili kwa achibale anu a kumtunda kapena ku Ntcheu amene akhala akusunga nyemba zoyanga zaka ndi zaka. Ndipo mbewu ya m'paketi ikakhala yopakidwa mtundu wofiirira kapena wobiriwira, dziwani kuti ndi mankhwala. Siyodya, musaisiye pamene mwana angaitole, ndipo musambe m'manja mukatha kudzala.

Bedi langa ndi la mita imodzi m'lifupi, mamita atatu m'litali. M'chilimwe kuno bedi likhale lolowa pansi pang'ono kuti madzi asathawe, lokwera ndi la nthawi ya mvula. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino, a mbuzi kapena a khola la ng'ombe, ndowa ziwiri kapena zitatu. Ndati owolerana. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu, zimaitana ntchentche, komanso zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Musachulutse feteleza wobereketsa chimanga uja, chifukwa nyemba zikadya nayitrojeni wambiri zimangochita masamba. Dzalani mizere iwiri yotalikirana masentimita 50, mbewu iliyonse masentimita 20 kuchokera pa inzake, kuya kwake ngati theka la chala. Pa bedi lotere mumalowa mbewu pafupifupi 30, ndipo zimamera sabata imodzi kapena masiku khumi.

Mitengo yoyangira zikani tsiku lodzala lomwelo, osati mbewu zitakula, kuopa kudula mizu. Ikhale yotalika mamita awiri. Nsungwi ndiye mfumu, koma bango lokhwima, mitengo ya nandolo wa chaka chatha, kapena chingwe cha khonje chomangidwa pa mtanda zimagwira ntchito. Pendeketsani mitengo ya mizere iwiri ikumane pamwamba ngati denga, n'kumangapo mtanda, kuti mphepo ya mwera mu Julaye isagwetse. Chiswe kuno sichigona, ndiye wauleni kumunsi kwa mtengo pamoto musanazike, ndipo muziyendera. Nyemba ikayamba kutulutsa kansonga kofunafuna, ithandizeni kupeza mtengo wake. Imazungulira mbali imodzi yokha, motsutsana ndi mivi ya wotchi mukaiyang'ana kuchokera pamwamba. Mukaikulunga mobwerera, mawa mudzaipeza yadzimasula.

Apa ndiimepo kaye ngati namwino. Ndikayenda m'midzi ndimaona madimba otchingidwa ndi maneti a udzudzu, ena ndithu atsopano. Ndikumvetsa, mbuzi za m'chilimwe zimangoyenda mwaufulu, ndipo bedi lobiriwira pakati pa fumbi zimalionera kutali. Inenso mbuzi za pafupi nane zinandidyerapo mzere wathunthu masana amodzi ndili ku ntchito. Koma neti ndi ya pogona. Kuno m'mbali mwa mtsinje malungo sachoka chaka chonse, ndipo mwana wogona popanda neti chifukwa neti ikulondera zitheba ndi amene timamulandira usiku akukomoka. Mpanda wa udzu, bango kapena minga ya mthethe umaletsa mbuzi kuposa neti, imene mbuzi yanjala imaiboola mosavuta.

Madzi. Wina anena kuti Shire ali pomwepa, bwanji osangolima kumtsinje? Amene muli ndi dimba kumeneko ndipo munazolowera, limani. Koma mukudziwa za ng'ona, mukudziwa za mvuu zimene zimamaliza dimba usiku umodzi, ndipo kuima m'madzi osayenda m'mbali mwa mtsinje tsiku ndi tsiku ndiye njira ya likodzo. Kwa mayi wa pakati, kwa agogo, kwa ana amene timawatuma kukathirira, bedi la pakhomo ndi lotetezeka. Bedi la kukula ndanenaku, mukaliphimbira ndi udzu wouma kapena masangwi a mtedza, limakwana ndi ndowa imodzi ya malita 20 patsiku. Theka la madziwo likhoza kukhala otsukuluzira mbale, otsukira mpunga ndi masamba. Osathirira madzi ochapira matewera kapena a sopo wambiri. Mjigo wanu ukakhala wa madzi amchere dziwani kuti nyemba sizigwirizana ndi mchere, masamba amapsa m'mphepete. Thirirani pansi pa tsinde, osati pa masamba, m'mawa kapena madzulo, ndipo nthawi ya maluwa musadumphitse tsiku. Mgolo wosungira madzi uzikhala wovindikira, chifukwa cha udzudzu komanso chifukwa mwana woyamba kuyenda akhoza kugweramo chamutu.

Adani ake alipo atatu amene ndimakumana nawo chaka chilichonse. Woyamba ndi kantchentche kakang'ono kakuda kamene kamaikira mazira pa masamba oyamba, mphutsi yake n'kutsikira m'tsinde. Mbewu ya masabata awiri kapena atatu imachita chikasu n'kufota, ndipo mukaizula tsinde limakhala lotupa ndi long'aluka pafupi ndi dothi. Mankhwala ake ndi nthaka ya chonde, chinyezi, ndi kukwezera dothi pa tsinde kuti mbewu itulutse mizu ina pamwamba pa bala. Wachiwiri ndi nsabwe zakuda zounjikana ku nsonga. Wachitatu ndi akangaude ofiira, tating'ono kwambiri, amene amabwera kukayamba kutentha, masamba n'kuchita timadontho totuwa. Pa bedi limodzi, nsabwe mukhoza kuzifinya ndi zala kapena kuzitsuka ndi madzi a sopo pang'ono. Nimu kuno ali paliponse: sinjani masamba ake, aviikeni usiku wonse, sefani, onjezerani kasopo, n'kuwaza madzulo. Mbozi zoboola makoko muzitole ndi manja.

Ndikulimbikira njira zimenezi chifukwa zitheba mumathyola masiku awiri kapena atatu alionse, pamene mankhwala opopera a m'botolo ali ndi masiku odikira musanadye, ndipo masikuwo amalembedwa pa botolo. Zinthu ziwirizi sizigwirizana. Ngati mwafika poti mupopere, funsani alangizi a zaulimi, tsatirani masiku odikirawo, ndipo chonde musathire mankhwala m'botolo la zakumwa. Ana ambiri amene amamwa mankhwala a mbewu amamwa chifukwa anaona botolo lodziwika. Zizindikiro zake ndi malovu ambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kupuma movutika ndi kufooka. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala zimene zakhudza mankhwala, musambitseni, thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo.

Pothyola, gwirani tsinde ndi dzanja limodzi, lina likudula khoko, kuti musagwetse maluwa. Thyolani makoko akadali osalala, njere zisanatukuke, oti mukawapinda amathyoka kuti thwa. Musasiye makoko okhwima pa mbewu imene mukufuna izibereka, chifukwa ikangoona kuti njere zakhwima imaleka maluwa. Ndipo musalowe m'bedi masamba ali onyowa, matenda a masamba amayenda ndi manja athu.

Nanga Okutobala ndi Novembala, miyezi imene ndiwo zimasowa kwenikweni? Apa ndi pamene ndimalemekeza nkhungudzu. Nayonso imayanga, makoko ake ndi athyathyathya ndipo amadyedwa ali anthete ngati zitheba, koma mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo imapirira dzuwa limene nyemba wamba sizingapirire. Idzaleni ndi mvula m'mbali mwa mpanda kapena pa chisakasa, iyamba maluwa masiku akayamba kufupika cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo mukamaipatsa timadzi pang'ono imapitiriza kubereka mkati mwa chilimwe. Ena amainyoza kuti ndi ndiwo za osauka chifukwa cha kafungo kake, koma ku Kenya, kumene amaitcha njahi, ndi chakudya cholemekezeka chimene amaphikira mayi amene wangobereka kumene. Njere zake zouma, pamodzi ndi za kamumpanda, zimafuna kuviikidwa, kuwiritsidwa mokwanira ndi kutaya madzi oyamba, chifukwa zosapsa bwino zili ndi poizoni wachibadwa. Njira ina yodutsira miyezi yovutayi ndi kufutsa zitheba za mu Ogasiti pamene zachuluka: ziduleni, ziviikeni m'madzi owira mphindi zitatu, ziyanikeni pa mthunzi podutsa mphepo mpaka ziume gwa, n'kusunga mouma.

Kumphika ndi kumene ambiri timawonongera zonse. Tsukani zitheba ndi madzi otetezeka musanazidule. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, isatichoke m'mutu msanga. Musadye zitheba zaziwisi, ndipo ana musawalole kumatafuna ali m'dimba, chifukwa nyemba zosaphika zili ndi zinthu zotsegula m'mimba ndi kusanzitsa zimene zimatha ndi moto. Madzi akhale ochepa, awire kaye, ikani zitheba, vindikirani, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zakwana. Soda ndi chidulo zisiyireni therere. M'zitheba zimapha mavitamini, ndipo soda wa m'sitolo ali ndi sodiyamu yemweyo amene tikumuthawa mu mchere. Tomato, anyezi ndi nsinjiro zimakometsa mokwanira moti mchere mungathire wochepa. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma ndi timakyubu tokometsera tija. Mwana amene wakwana miyezi isanu ndi umodzi mupatseni zophikidwa bwino, zopotedwa kapena zosinjidwa m'phala. Zidutswa zazitali zikhoza kumutsamwa. Mayi woyembekezera, tiyi musamwere pa chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Madzi a malambe, amene kuno sitigula n'komwe, ndiwo amathandiza.

Mbewu ya chaka chamawa sankhani pa mbewu ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zopanda masamba opiringizika kapena a mawangamawanga, chifukwa matenda ena a nyemba amayenda m'njere. Zimangeni kansalu kuti ana asathyoleko, zisiyeni makoko aume pa mtengo pomwepo mpaka azilira mukawagwedeza. Sendani, yanikani masiku angapo, sakanizani ndi phulusa losefa kuti anankafumbwe asalowe, n'kutsekera m'botolo louma lolembedwa chaka. Amene muli ndi mbewu ya zitheba zoyanga kapena nkhungudzu ya maluwa oyera cha kuno ku Matope, Zalewa kapena Lisungwi, lembani m'makomenti kuti ofuna adziwe kofunsa Epulo asanafike.